Mwaphonya kulipira bilu koma mukufuna mortgage? Chitani izi pang'onopang'ono

Bilu imodzi yoiwalika siikutsekerani chitseko cha nyumba mpaka kalekale ayi, koma ikhoza kukuchedwetsani kapena kukukwezerani chiwongola dzanja kwa zaka zambirimbiri, makamaka ikachitika kutatsala miyezi yochepa kuti mupite ku banki kukapempha mortgage, ngongole yogulira nyumba. Chomvetsa chisoni nchakuti anthu ambiri amazidziwa mochedwa, mafomu adzaza kale, nyumba ayiona kale mpaka ayikonda, kenako banki nkuwauza kuti pa lipoti la mbiri ya ngongole zanu pakuoneka kuti munachedwa masiku 60 pa kontrakiti ya foni yomwe munasiya kugwiritsa ntchito chaka chatha. Nde tiyeni tidutsemo bwinobwino, kuyambira tsiku lomwe mwazindikira kuti deti yadutsa mpaka tsiku lolandira makiyi.

Mumvetse kaye mmene zimayendera. Mabanki, makampani a kirediti kadi, obwereketsa ndalama zogulira galimoto, ngakhalenso makampani ena a foni, mwezi uliwonse amatumiza zambiri za akaunti yanu kuma credit bureau. Odziwika kwambiri ndi atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo amagwira ntchito m'maiko ambiri. Iwowa sabwereketsa ndalama komanso sindiwo amaganiza zokupatsani kapena kukukanani, ntchito yawo nkusunga mbiri basi: munatenga ngongole zingati, mwatsala ndi zingati, mumalipira pa nthawi yake kapena ayi. Kuchokera pa mbiri imeneyo ndi pomwe pamatuluka credit score, nambala yoonetsa mmene mumadalirikira pobweza ngongole. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ine ndizitchula kwambiri za ku America ndi ku Britain ngati zitsanzo, inuyo mufufuze manambala a komwe mukukhala, koma kaganizidwe ka obwereketsa kamafanana pafupifupi kulikonse.

Choyamba, werengani masiku

Musanayambe kuda nkhawa, tengani sitetimenti kapena lowani mu app muone deti yeniyeni yomwe mumayenera kulipira, ndipo muwerenge kuti padutsa masiku angati. Izi ndi zofunika kuposa china chilichonse chomwe ndilembe pano. Ku America kuchedwa sikulembedwa pa lipoti lanu mpaka patadutsa masiku 30 kuchokera pa deti yolipirira. Ndiye ngati mwachedwa masiku 5, 12, olo 25, chindapusa cha kuchedwa akhoza kukudulani ndithu, mwinanso chiwongola dzanja nkukwera, koma mbiri yanu ikadali yoyera. Mukangodumpha tsiku la 30 ndi pomwe chizindikiro chimalowa, kenako chimakula pa masiku 60, 90, 120, ndipo kirediti kadi ikafika cha m'ma 180 banki imailemba ngati ngongole yotayika, nthawi zambiri nkuipereka kwa makampani otolera ngongole.

Ku Britain lipoti limaoneka mosiyana pang'ono. Pansi pa akaunti iliyonse pamakhala mzere wa manambala, mwezi uliwonse nambala yake, mwachitsanzo 0 0 0 0 1 0 0. Ziro ndiye kuti munalipira bwino, 1 mwatsalira mwezi umodzi, 2 miyezi iwiri, choncho mpaka 6. Mukaona chilembo D ndiye kuti akaunti yafika pa default, kampani yaona kuti mgwirizano wasweka, ndipo izi zimachitika kawirikawiri munthu akatsalira miyezi 3 mpaka 6. Kusiyana kwa 1 mmodzi yemwe wazunguliridwa ndi maziro ndi D nkwakukulu kwambiri pamaso pa wobwereketsa.

Komanso si bilu iliyonse yomwe imapita ku bureau. Ku America makampani ambiri a magetsi, madzi ndi intaneti satumiza malipoti mwezi ndi mwezi, amangoonekera mukalephereratu kulipira iwo nkupereka ngongoleyo kwa otolera. Ku Britain makontrakiti a foni ndi makampani angapo a magetsi ndi madzi amatumiza ndithu. Ngati simukudziwa za kampani yanu, afunseni mwachindunji kuti kodi mumatumiza ku credit bureau, ndipo mumatumiza tsiku liti pa mwezi.

Lipirani lero, osati kumapeto kwa mwezi

Ngati ndalama ilipo lipirani pompano, ndipo mugwiritse ntchito njira yomwe ndalama imafika tsiku lomwelo, pa app kapena pa foni ndi kadi. Musatumize njira yotenga masiku atatu pomwe mwatsala ndi masiku awiri kuti mufike pa 30. Pa kirediti kadi simukuyenera kumaliza balansi yonse kuti muoneke kuti mwalipira, minimum payment yokha, ndalama yochepetsetsa yomwe banki yakuuzani kulipira mweziwo, ndi yokwanira kuti mweziwo ulembedwe bwino, bola mulipire minimum yonse yomwe mwatsalira pamodzi ndi chindapusa ngati achiphatikiza. Apa pamagwa anthu ambiri, munthu amalipira theka la minimum nkumaganiza kuti waonetsa mtima wabwino, koma kompyuta ya banki siiona mtima, imangoona kuti ndalama sinakwane nkupitiriza kuwerenga masiku.

Mukalipira jambulani sikirini, sungani risiti, imelo yotsimikizira, nambala ya transaction, zonse ikani mu foda imodzi. Mudzazifuna kutsogoloku.

Nanga ngati ndalama palibe? Imbanibe foni. Ndikudziwa kuti pa nthawi ngati imeneyi munthu umafuna kungothawa, makalata osatsegula, foni ikalira nambala yachilendo osayankha, koma kukhala chete ndi komwe kumasandutsa kuchedwa kwa mwezi umodzi kukhala default. Makampani ambiri ali ndi dongosolo la anthu omwe akumana ndi mavuto monga kuchotsedwa ntchito, matenda kapena maliro, akhoza kukusunthirani deti, kukuchepetserani zolipira kwa miyezi ingapo kapena kuimitsa chindapusa. Chimodzi chokha musaiwale kufunsa musanavomere: kodi dongosolo limeneli mulilemba bwanji pa lipoti langa? Chifukwa ku Britain mwachitsanzo mgwirizano wolipira pang'onopang'ono umakhala ndi chizindikiro chakechake pa lipoti, ndipo obwereketsa mortgage amachiona. Nthawi zambiri chimakhala bwinoko kuyerekeza ndi default, koma muzivomera mukudziwa.

Pemphani kuti akuchotsereni

Ngati chizindikiro chalowa kale ndipo ndi choona kuti munachedwa, kampani sikakamizidwa kuchichotsa, koma kupempha nkololedwa. Anthu amaitcha goodwill letter. Mukamaliza kulipira zonse lembani kalata yaifupi, yaulemu, yonena zoona zokhazokha: nambala ya akaunti, mwezi womwe munachedwa, chifukwa chake, tsiku lomwe munalipira, komanso kuti kwa zaka zakuti simunaphonyepo ndipo pano mwaika kuti ndalama izichoka yokha mu akaunti. Kenako pemphani kuti ngati nkotheka achotse chizindikirocho. Osawopseza, osalemba masamba atatu, osanama kuti munali m'chipatala pomwe simunali.

Ena amavomera, ena amakana nkunena kuti lamulo limawauza kutumiza zolondola. Mwayi umakhala waukulu ngati ndi koyamba komanso mwakhala nawo nthawi yaitali. Akavomera pa foni, pemphani kuti akulembereni pa imelo kapena kalata, mawu apakamwa pa nkhani za ngongole sathandiza tsiku lovuta.

Tengani malipoti anu onse

Apa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe anthu ofuna mortgage amapulumukira kapena kugwera. Musadikire kuti banki ndiyo ikuuzeni zomwe zili pa lipoti lanu. Litengeni nokha kutatsala miyezi 6, olo chaka chathunthu ngati mungathe, musanapemphe mortgage. Ndipo mutenge kuma bureau onse, osati amodzi, chifukwa si kampani iliyonse imatumiza kwa onse atatu, ndiye lipoti la Experian likhoza kukhala loyera pomwe la TransUnion lili ndi banga, ndipo simukudziwa kuti banki yanu ikayang'ana kuti. Ku America malipoti aulere mumawapeza pa AnnualCreditReport.com, ku Britain muli ndi ufulu wotenga statutory report, lipoti lomwe lamulo limati akupatseni, kwaulere ku bureau iliyonse. Kudziyang'anira nokha lipoti sikutsitsa score yanu olo pang'ono, mukhoza kuyang'ana kangati konse mukufuna.

Mukalitsegula musathamangire nambala yaikulu ya score ija. Pitani pa akaunti iliyonse imodziimodzi. Onani ngati dzina, tsiku lobadwa ndi ma adiresi zili zolondola. Onani ngati pali akaunti yomwe simukuidziwa, izi zikhoza kukhala kuti asokoneza ndi munthu wa dzina lofanana ndi lanu kapena wina akugwiritsa ntchito dzina lanu mwachinyengo. Onani maakaunti omwe munatseka ngati akuonekadi kuti ndi otseka ndipo balansi ndi ziro. Kenako yang'anitsitsani madeti. Ku America kuchedwa kumakhala pa lipoti zaka 7 kuchokera pomwe kunachitika, izi zili mu lamulo la Fair Credit Reporting Act la 1970. Ku Britain ndi zaka 6. Ndiye ngati kampani yalemba deti ya default mochedwa ndi chaka, bangalo likhalanso chaka china chowonjezera chomwe simukuyenera kusenza.

Mabilu omwe amakonda kubisala ndi a nthawi yosamuka. Mwachoka m'nyumba ya lendi, mwauza a magetsi kapena a intaneti kuti atseke, iwo atumiza bilu yomaliza ku adiresi yakale, kandalama kochepa kwambiri, inu simunaione, makalata okumbutsa akungounjikana pa khomo la eni ake atsopano, pakutha miyezi ingapo yapita kwa otolera ngongole. Chimodzimodzi kadi yomwe simuigwiritsa ntchito koma pali ka subscription kamodzi komwe kamadulidwa chaka ndi chaka. Kuchepa kwa ndalamayo nthawi zambiri sikumachepetsa banga, score imaona kuti mwachedwa masiku angati kuposa kuona kuti zinali zingati.

Mukapeza cholakwika, chitsutseni

Lembani ku bureau yomwe ili ndi cholakwikacho komanso ku kampani yomwe inatumiza, nthawi imodzi, ndipo muphatikize umboni uja munasunga. Nenani mwachindunji kuti mzere wakuti, mwezi wakuti, mwalemba kuti ndinachedwa koma risiti iyi ikuonetsa kuti ndinalipira pa deti yakuti. Ku America bureau imakhala ndi masiku 30 nthawi zambiri kuti ifufuze, ku Britain ikuyenera kukuyankhani pasanathe masiku 28. Mwaona chifukwa chake ndikuti muyambe msanga, izi sizinthu zochita nyumba mutaipeza kale ndipo mwini wake akukudikirani.

Ku Britain kulinso notice of correction, kandemanga kosapitirira mawu 200 komwe mumaika pa lipoti kufotokoza zomwe zinachitika. Kamathandiza ngati chifukwa chake chinali chomveka, koma kamapangitsa kuti pempho lanu liwerengedwe ndi munthu osati kompyuta yokha, ndiye mayankho amatha kuchedwerako.

Chenjezo limodzi, samalani ndi anthu omwe amalonjeza kuti mukawalipira akufufutirani mbiri yoipa yonse. Chinthu choona sichifufutika ndi ndalama, ndipo chabodza mukhoza kuchitsutsa nokha kwaulere. Ku America lamulo la 1996 limaletsa makampani oterewa kutenga ndalama asanagwire ntchito, ndiye wina akafuna mulipiretu, chokanipo.

Mmene wobwereketsa mortgage amaliwerengera

Score ya FICO, yomwe obwereketsa ambiri ku America amagwiritsa ntchito, imayambira 300 mpaka 850, ndipo gawo lalikulu, 35 peresenti, ndi mbiri ya kalipiridwe. Kuchuluka kwa ngongole zomwe muli nazo ndi 30 peresenti, kutalika kwa mbiri 15, ngongole zatsopano 10, mitundu ya ngongole 10. Nchifukwa chake kuchedwa kumodzi kumapweteka chonchi, ndipo chodabwitsa nchakuti yemwe anali ndi score yapamwamba ndi amene amatsika kwambiri kuposa yemwe anali ndi mabanga kale. Pa mortgage ku America nthawi zambiri amatenga ma score atatu, imodzi ku bureau iliyonse, nkugwiritsa ntchito yapakati. Ngongole za FHA, zomwe zimatsimikiziridwa ndi bungwe la boma la America loona za nyumba, zimalola dipoziti (ndalama yomwe mumaika nokha pa mtengo wa nyumba) ya 3.5 peresenti ngati score ili 580 kupita mmwamba, ikakhala pakati pa 500 ndi 579 amafuna 10 peresenti.

Koma mortgage si nambala yokha, pamakhala munthu kapena dongosolo lomwe limawerenga lipoti lonse, ndipo limafunsa mafunso anayi. Zinachitika liti? Kuchedwa kwa zaka zinayi zapitazo sikufanana ndi kwa miyezi itatu yapitayo, ambiri amayang'anitsitsa miyezi 12 mpaka 24 yomaliza. Munachedwa motani, masiku 30 kapena 90 kapena mpaka default? Kangati, kamodzi kapena ndi chizolowezi? Ndipo pa ngongole yanji? Funso lomalizali anthu saliganizira. Kuchedwa pa kontrakiti ya foni ambiri amakumvetsa, koma kuchedwa pa mortgage ina, pa lendi ya nyumba kapena pa ngongole yokhala ndi chikole ndi koopsa kwambiri, chifukwa ndi chinthu chomwecho chomwe akufuna kukubwerekani. Ndiye mwezi ukavuta ndipo simungathe kulipira zonse, za denga lanu zikhale patsogolo.

Nthawi zambiri zotsatira zake sikukanidwa, koma kupatsidwa modula. Tiyerekeze ngongole ya 200,000, ndalama ya dziko lililonse, yobweza zaka 30. Pa chiwongola dzanja cha 6 peresenti mumalipira pafupifupi 1,199 pa mwezi, pa 7 peresenti pafupifupi 1,331. Kusiyana kwa 132 pa mwezi kukuoneka kochepa, koma pa zaka 30 ndi ndalama yopitirira 47,000. Sindikunena kuti bilu imodzi imakweza ndi peresenti yathunthu nthawi zonse ayi, ndikungoonetsa kuti kudikira miyezi ingapo kuti mbiri ikhale bwino pena kumakupulumutsirani ndalama yambiri kuposa momwe mungasungire pa nthawi yomweyo.

Sankhani nthawi, ndipo konzani zomwe mungathe

Ngati kuchedwa kwachitika posachedwa ndipo palibe chokukakamizani kugula pompano, ine ndingati dikirani mpaka mukhale ndi miyezi 12 yoyera motsatizana. Bangalo likhalapobe koma mphamvu yake imachepa mwezi ndi mwezi. Pa nthawi yodikirayi tsitsani mabalansi a makadi, ambiri amalangiza kuti musadutse 30 peresenti ya limit, malire a ndalama omwe kadi imakulolani, ndipo kutsikirapo ndi bwino koposa, gawo ili limasintha msanga kuposa ena onse. Musatseke kadi yakale yomwe ilibe vuto, ndiyo ikukutalikitsirani mbiri. Musatenge ngongole zatsopano, galimoto, mipando, foni ya pangongole, zonsezo zidikire. Ndipo onjezerani dipoziti, chifukwa dipoziti yaikulu imapangitsa banki kuona kuti ikuika pachiswe ndalama yochepa, nde imamasuka pa banga laling'ono.

Ngati pali default kapena ngongole yomwe ili kwa otolera, kuilipira nthawi zambiri sikuifufuta pa lipoti, imangolembedwa kuti yalipiridwa. Komabe lipirani, obwereketsa ambiri amafuna kuona kuti inatsekedwa, ndipo pemphani kalata yotsimikizira. Ku Britain nkhani ikafika ku khoti nkutuluka chigamulo choti mulipire ngongoleyo, chotchedwa CCJ, mukalipira yonse pasanathe mwezi umodzi chimachotsedwa m'kaundula, mukachedwa chikhala zaka 6.

Tsiku lopempha

Musamwaze mapempho ku mabanki asanu kuti muone yemwe avomere. Pempho lenileni lililonse limasiya hard search pa lipoti, chizindikiro choti wobwereketsa wafufuza mbiri yanu chifukwa mwapempha ngongole, ndipo zikachuluka zimaoneka ngati mwapanikizika. FICO imawerenga ma search a mortgage ochitika pafupipafupi ngati amodzi, pakati pa masiku 14 ndi 45 kutengera mtundu wa score, ndiye ngati mukufananiza mitengo chitani zonse mkati mwa masabata awiri. Komwe kuli mwayi wa soft search, kufufuza kongoyerekeza musanapemphe zenizeni, yambani ndi imeneyo, siioneka kwa obwereketsa ena.

Munthu wa banga pa lipoti amathandizika kwambiri ndi broker, mkhalapakati wa inu ndi obwereketsa, wodziwa ntchito yake, chifukwa mabanki amasiyana malamulo, ina imakana kuchedwa kulikonse kwa chaka chino pomwe ina imalola kamodzi kapena kawiri pa ngongole zazing'ono, ndipo broker amadziwa khomo loyenera kugogoda. Mufunseni kaye kuti amalipidwa bwanji komanso amagwira ndi obwereketsa angati. Kenako mupatseni malipoti onse tsiku loyamba, osabisa kanthu. Obwereketsa azionabe, ndipo kunama pa fomu ya mortgage ndi mlandu. Konzeranitu kalata yaifupi yofotokoza chomwe chinachitika, liti, munachikonza bwanji, ndi umboni wake.

Ngati mukupempha awiri, amuna ndi akazi kapena pachibale, dziwani kuti malipoti a nonse amawerengedwa, ndipo banga la mmodzi likhoza kukweza mtengo wa nonse. Khalani pansi mutsegule malipoti limodzi musanapite. Pena zimakhala bwino kuti apemphe mmodzi yekha wa mbiri yoyera, koma apo ndiye kuti salale yake yokha ndiyo iwerengedwe ndipo ndalama yomwe angakupatseni ichepa.

Akakuvomerani musatayirire. Obwereketsa ambiri amayang'ananso lipoti kutatsala pang'ono kuti atulutse ndalama, ndipo bilu yophonyedwa pa masabata amenewa, pomwe mutu uli pa makatoni ndi maloya, ikhoza kugwetsa zonse. Ikani akaunti iliyonse pa direct debit kapena autopay, kuti ndalama izichoka yokha mu akaunti, olo ya minimum yokha, pemphani makampani asunthe deti yolipirira ikhale masiku awiri kapena atatu salale italowa, ndipo muzionabe kuti ndalama yachokadi, chifukwa kadi ikatha nthawi yake kapena mu akaunti mukachepa ndalama autopay imalephera mwakachetechete. Pa tsiku losamuka jambulani ma mita, perekani adiresi yatsopano ku kampani iliyonse, pemphani bilu yomaliza pa imelo, ndipo pakatha miyezi iwiri tsegulaninso malipoti anu muone ngati maakaunti a nyumba yakale atsekedwa pa ziro.